Khomo Lotseka Ukalionera Kutali

Kuno ku Mangochi n'kovuta kupeza banja lopanda mwana ku Joni. Ukayenda kuchokera kwa Mponda kukafika kwa Makanjira, kapena kukwera mapiri kupita ku Namwera, nyumba zambiri zamalata zimene ungaone m'mbali mwa msewu zinamangidwa ndi ndalama zochokera ku South Africa. Ulendo umenewu sunayambe lero. Agogo athu ankapita pa Wenela kukakumba golide, mpaka m'chaka cha 1974 pamene ndege yonyamula anthu obwerera kumudzi inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana, n'kupha Amalawi oposa 70. Dr Kamuzu Banda analetsa ulendowo, koma mu 1977 njira inatsekukanso pansi pa dzina la Teba, kufikira mu 1988 pamene inatsekedwa kotheratu. Masiku ano anyamata amangokwera basi paokha, kudzera ku Mwanza, Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge.

Malemu bambo anga anali mmodzi mwa anthu a Teba. Kulemba sankakukonda, choncho m'malo mwa kalata ankatumiza makaseti. Mnzawo wobwera kumudzi ankafika ndi bulangete, sopo ndi kaseti imodzi yokulunga m'mpango. Madzulo ake banja lonse linkakhala pamkeka kuzungulira wailesi ya mabatire, kumvetsera bambo akulankhula Chiyao chosakaniza ndi Chichewa, mwa apo ndi apo n'kuponyamo mawu a kumigodi amene ife ana sitinkawamva. Amayi anasunga makaseti 14 m'sutikesi yawo, pamodzi ndi zithunzi za banja, makadi athu a kusikelo ndi mapepala a malo athu a kumudzi.

M'chaka cha 2024 madzi a m'nyanja anakwera kuposa m'mene ambiri a ife tinawaonerapo. Anamiza nyumba, minda ndi malo ogona alendo m'mphepete mwa nyanja ndi mwa mtsinje wa Shire. Kwa amayi anafika pakhonde penipeni. Sutikesi ija tinaisenza kubwera nayo kwanga kuboma, koma oyandikana nawo ena sanachite mwayi wotero: zithunzi zawo zaukwati zinamatana n'kusanduka phala. Apa m'pamene tinagwirizana kuti zonse za m'sutikesimo zilowe mu kompyuta.

Ntchitoyi si ya tsiku limodzi. Kaseti imalowa mu kompyuta pa liwiro lomwe imaimbira, ndiye kuti kaseti ya ola limodzi imafuna ola lathunthu munthu ali chete pambali pake. Ukafuna kusunga mawu bwinobwino osawapanikiza, ola limodzilo limadya malo oposa 600 MB. Titaonjezapo zithunzi zojambulanso ndi makanema a maukwati, kompyuta yanga yakale ya patebulo inadzaza. Ndinagula hard drive yatsopano ya 2 TB, ndipo poti mkati mwa kompyutamo munalibe malo, ndinaiika m'kabokosi kake kolumikiza ndi chingwe cha USB.

Tsono ndili ndi mng'ono wanga amene wakhala ku Johannesburg zaka zambiri. Amagwira ntchito m'sitolo, ndipo ana ake atatu anabadwira komweko. Kwa chaka chathunthu iye ankatha kutsekula foda imodzi ya pa kompyuta yanga ali konkuja, momwe tinkaikamo malisiti a simenti ndi malata a nyumba imene akumanga kumudzi. Nditamuuza kuti mawu a bambo, zithunzi ndi mapepala a malo zonse zalowa mu kompyuta, anasangalala kwambiri. Usiku womwewo anayesa kutsekula, koma anangopeza foda ya malisiti yokhayokha. Anayesa mawa lake, mkuja wake, osaona kanthu. Kenaka uthenga unafika pafoni yanga: "Achimwene, ngati pali zimene simukufuna kuti ndione, mungonena."

Owerenga amene alibe mbale kunja angadabwe kuti nkhani ya makina yafika bwanji pamenepa. Koma amene ali ku Joni amva nkhani zambiri za anzawo amene anatumiza ndalama zaka zisanu, n'kumalandira zithunzi za nyumba ya mwiniwake, pofika kumudzi n'kupeza thengo. Munthu wotere akamva kuti mapepala a malo aikidwa penapake, iye n'kulephera kuwaona, mtima wake suthamangira kwa chingwe kapena kwa magetsi. Umathamangira kwa mbale wake. Ine ndinkaona mafayilo onse pamaso panga, iye ankaona khomo lotseka, ndipo tonse awiri tinkanena zoona.

Mwamwayi, mwana wamkazi wa mlongo wanga, amene akuphunzira za makompyuta, anali patchuthi kwathu. Atamva nkhaniyi sanathamangire kuimba foni. Anati, "Amjomba, tisayambire ku Joni. Tiyambire pano patebulo, kenaka pabalaza, kenaka kunja kwa mpanda. Kumene chinthu chileke kuoneka, vuto lili pomwepo." Njira imeneyi ndi imene ndikufuna kuifotokoza, chifukwa ndaona anzanga angapo akuvutika ndi nkhani yomweyi.

Funso loyamba ndi lakuti, kodi kompyuta yeniyeniyo ikuiona hard drive yatsopanoyo? Hard drive yongochoka kumene kusitolo yopanda kanthu ili ngati mlendo wofika m'mudzi usiku: alipo ndithu, koma sanakaonekere kwa a nyakwawa, ndipo palibe angamuitane ndi dzina. Pa Windows, malo okamuonetsera mlendoyu amatchedwa Disk Management. Kumeneko umasankha kalembedwe ka kaundula wake, MBR kapena GPT. MBR ndi yakale ndipo siitha kuwerenga malo opitirira 2 TB, choncho kwa hard drive zikuluzikulu za masiku ano GPT ndiyo yoyenera. Kenaka umaifomata n'kuipatsa chilembo. Pamenepa mpofunika kudekha, chifukwa kufomata kumafafaniza zonse, ndipo munthu wasankha hard drive ina m'malo mwa yatsopanoyo amalira chaka chonse. Zilembo zimayambira pa C chifukwa A ndi B zinali za timadisiki tofewa takale tija tinkagwiritsa ntchito m'maofesi. Ambiri amadabwanso kuona hard drive ya 2 TB ikuonetsa 1.81 TB, n'kumaganiza kuti wogulitsa wawabera. Sanabe ayi: opanga amawerenga m'magulu a 1,000, pamene kompyuta imawerenga m'magulu a 1,024. Zonsezi kwa ife zinali bwino. Mlendo anali ataonekera, dzina lake linali E.

Funso lachiwiri ndi lakuti, kodi munthu wina wa m'nyumba momwemo akuiona? Mwana uja anatenga laputopu yake n'kukhala nayo pabalaza, atalumikiza pa rauta yathu yomweyo. Anaona foda ya malisiti, koma E sanaione. Vuto loyamba linapezeka pamenepo, mamita asanu kuchokera patebulo, osati ku Johannesburg. Kompyuta siigawira anthu ena hard drive yatsopano payokha. Chilolezo chimene mng'ono wanga anali nacho chinali cha foda imodzi ya pa C basi, monga munthu amene wapatsidwa kiyi wa chipinda chimodzi. Mwininyumba akamanga chipinda china, kiyi wakaleyo sangatsekule chitseko chatsopano. Pamafunika kulowa pa Sharing, kusankha foda yoti igawidwe ndi kutchula anthu ololedwa. Palinso loko wachiwiri pa Security, amene amanena zomwe munthu aliyense angachite ndi mafayilo. Maloko awiriwa akasiyana maganizo, wouma mtima ndiye amapambana. N'chifukwa chake ena amaiona foda koma poitsekula kompyuta n'kuwauza kuti saloledwa, makamaka ngati hard drive inachokera pa kompyuta ya munthu wina ndipo ikadali ndi maina a eni ake akale. Tinakonza maloko onse awiri, ndipo laputopu ya pabalaza inaona zonse.

Funso lachitatu ndi la msewu. Kodi munthu wa kunja kwa mpanda afika bwanji? Chida chilichonse pa intaneti chimafuna keyala. Makeyala a mtundu wakale, otchedwa IPv4, alipo pafupifupi 4.3 biliyoni okha, ndipo nkhokwe yake yaikulu ya dziko lonse inatha kugawidwa mu 2011. Pofuna kuti aliyense akwane, makampani ambiri a mafoni amaika makasitomala ochuluka kuseri kwa keyala imodzi. Amene tinakulira kumudzi tikudziwa bwino zimenezi, chifukwa mudzi wonse unkalandira makalata kudzera pa bokosi la sukulu kapena la mishoni. Kalata inkafika, koma mlendo wonyamula keyala ya bokosilo sakanatha kulondola nayo khomo la munthu. N'chimodzimodzi ndi rauta yoyendera simu khadi: iwe ukhoza kutuluka kukafuna zinthu pa intaneti, koma wakunja sangagogode pakhomo pako mwachindunji.

Mnzanga wina wa kuntchito anandilangiza kuti ndingotsekula khomo la nambala 445 pa rauta, lomwe Windows imadutsitsirapo mafayilo ogawana. Mwana uja anapukusa mutu. Choyamba, kuseri kwa keyala yogawana khomolo silikanathandiza. Chachiwiri, limeneli ndi khomo lomwe kachilombo ka WannaCry kanalowera m'mwezi wa Meyi 2017, n'kutseka makompyuta m'maiko oposa 150, kuphatikizapo a m'zipatala za ku Britain, eni ake n'kumauzidwa kuti alipire kuti aonenso mafayilo awo. Ife tinali kale ndi pulogalamu yotchedwa Tailscale pa kompyuta yanga ndi ya mng'ono wanga. Ntchito yake ndi yakuti makina awiriwo amatuluka okha kukakumana, n'kulambula kanjira kachinsinsi kodutsa awiriwo basi. Kuti titsimikize, mwana uja anachotsa laputopu yake pa rauta, n'kuilumikiza pa bandulo ya foni yake, ngati kuti ali kutali. Zonse zinaoneka. Tinamuuza mng'ono wanga, ndipo madzulo amenewo anaona maina a mafoda koyamba.

Chimwemwe chathu chinali cha masiku awiri. Tsiku lachitatu anaimba foni mawu ali pamwamba: "Achimwene, dzana ndinaona, lero mwachotsanso. Kodi mukusewera nane?" Chinthu chooneka n'kuzimiririka chimapweteka kuposa chimene sichinaonekepo, chifukwa chimaoneka ngati pali dzanja la munthu. Tinayambiranso patebulo. Hard drive inalipo, mafayilo onse ali bwino, koma dzina lake linali litasintha kukhala F. Magetsi anali atazima masana, ndipo pobwerera anapeza ka flash disk ka ana a sukulu kali kobaya. Kompyuta poyaka inapereka chilembo E kwa kameneko, mlendo wathu n'kupatsidwa dzina lina. Chilolezo chija chinkalozabe ku E, komwe tsopano kunali ntchito ya sukulu ya Fomu 2. Mankhwala ake ndi apafupi: kuipatsa hard drive chilembo chakutali chimene ka flash sikangachilande. Tinasankha M, kuimira Mangochi, n'kugawanso foda mwatsopano.

Vuto lomaliza linali la tulo. Malawi ndi South Africa ali pa nthawi imodzi, ikakwana 10 koloko usiku kuno, ku Johannesburg ndi 10 kolokonso. Mng'ono wanga amaweruka mochedwa ndipo amakhala pa kompyuta nthawi imene ine ndagona kale. Kompyuta nayo, ikaona kuti palibe woigwira, imagona payokha pofuna kusunga magetsi, ndipo yogona siyankha wogogoda. Tinaiuza kuti isamagone, ndi kuti isamazimitse zida za pa USB. Tinalowanso mu BIOS n'kuiuza kuti magetsi akabwera iziyaka yokha. Kuyambira pamene namondwe Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, ambiri kuno tinaphunzira kukhala ndi sola ndi batire, choncho rauta ndi kompyuta tinazilumikiza kumeneko. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ntchito yonseyi inatitengera sabata ziwiri.

Makina atatheka, panatsala funso limene makina sangayankhe: ndani aone chiyani? Pa Security paja pali mawu awiri ofunika, Read ndi Full control. Woyamba amalola munthu kuona ndi kukopera, wachiwiri amamulola kusintha ndi kufafaniza. Nkhaniyi sindinaigamule ndekha. Ndinapita kumudzi, tinakhala pansi ndi amayi, mlongo wanga ndi amjomba athu amene ndi eni mbumba, mng'ono wanga ali pafoni. Tinagwirizana kuti mapepala a malo aonedwe ndi ana onse a bambo mofanana, koma pasakhale wotha kuwasintha ali kutali. Kwa ine anandipangira dzina lachiwiri lolowera tsiku ndi tsiku, lomwenso limangoona, kuti dzanja langa lisadzaterereke. Mng'ono wanga atamva kuti lamulo ndi limodzi kwa tonse, mawu ake anatsika.

Amayi anaonjezapo lamulo lawo. Anati, "Mawu a bambo anu si nyimbo. Muwamvere m'nyumba ndi ana anu, koma ndisadzamve kuti akuyenda m'mafoni a anthu." Makaseti awiri anawapatula, anati amenewo bambo ankalankhula ndi iwo okha. Amenewo tinawaika m'foda yosagawidwa kwa wina aliyense, ndipo ineyo pojambula ndinatsitsa mawu n'kutuluka panja. M'nyumba ya makolo muli zipinda zimene mwana salowamo ngakhale atakula ndevu, ndipo kompyuta iyenera kulemekeza zimenezo.

Panalinso nkhani ya ndalama. Kukoka mafayilo aakulu kuchokera kuno kumadya bandulo mbali zonse ziwiri, ndipo intaneti ya pafoni nthawi zambiri imachedwa potumiza kusiyana ndi polandira. Choncho kaseti iliyonse tinaipangira kope laling'ono la MP3, la pafupifupi 60 MB pa ola, loti liziyenda pamsewu, lalikulu lija n'kukhala pakhomo. Mng'ono wanga ndinamupempha kuti asamangomvera, koma azikopera n'kusunga kwake. Hard drive ili ndi mbale zozungulira mkati mwake, ndipo siikondana ndi kutentha kwa Mangochi kwa mwezi wa Okutobala, chinyezi cha kunyanja kapena kugwa pansi. Tsiku lina idzafa ndithu. Odziwa amalangiza kusunga makope atatu, limodzi mwa iwo likhale kutali ndi nyumba. Kwa ife kutaliko ndi ku Johannesburg. Makaseti eni akewo sitinawataye, ali m'sutikesi momwe, pamwamba pa kabati.

Loweruka lina usiku foni inalira. Mng'ono wanga sanapereke moni. Ndinangomva mawu a bambo akuchokera kumbali yake, akufunsa amayi ngati denga lafoleredwa mvula isanagwe, akulamula kuti ndalama zimene atumizazo zigule ukonde osati nsalu, kenaka akutchula maina a ana mmodzimmodzi. Pofika pa dzina lake, bambo anati kamwanako asakalole kusewera kudooko chifukwa kuli ng'ona. Iye anali ndi zaka zitatu pamene kaseti imeneyo inkajambulidwa. Anakhala chete nthawi yaitali, kenaka anati, "Achimwene, ndawamva." Ana ake anali pomwepo, koma iwo amalankhula Chizulu ndi Chingerezi, ndipo Chiyao cha agogo awo ankangotolamo mawu owerengeka. Tsopano bambo awo amaimitsa kaseti pang'onopang'ono n'kumawamasulira. Mawu amene anachoka ku South Africa atakulungidwa m'mpango zaka makumi anayi zapitazo abwererakonso, kukaphunzitsa zidzukulu chilankhulo cha kwawo.

Ku Zomba kuli nyumba yosungira zakale za dziko lino, imene inakhazikitsidwa mu 1947. Kumeneko kuli makalata a boma, manyuzipepala ndi mabuku. Koma mawu a bambo wa ku Teba akufunsa za denga sangapezeke kumeneko. Ali m'masutikesi a amayi athu ku Malindi, ku Chembe ndi kwa Chimwala, ndipo tepi yake ikuuma chaka ndi chaka. Amene muli nawo makaseti otere, ajambuleni eni mawu ena akadali moyo kuti akuuzeni amene akulankhulayo ndi chaka chake.

Ndipo mukadzatero, mbale wanu wakutali n'kudzakuuzani kuti sakuona kanthu, musadzafulumire kupsa mtima ndi mawu ake. Iye sangaone chingwe, chilembo kapena kompyuta yogona. Chimene akuona ndi khomo lotseka, ndipo amakumbukira nkhani za anzake amene anadyeredwa. Ntchito yofufuza ili kwa ife amene tili pafupi. Tiyambire patebulo, tipite pabalaza, tituluke kunja kwa mpanda, ndipo pa sitepe iliyonse tizimuuza zimene tapeza, kuti naye adziwe kuti pakhomopo pali munthu amene akulimbana ndi loko.